Malo a Zala Zitatu m'Buku la a Zhan

Bambo anga, aphunzitsi a Zhan Dehou, akanatha kukuuzani dzina la agogo a agogo anu pamodzi ndi chaka chimene anathyoka mwendo, koma pamene pamakhala mchere m'nyumba yawo yomwe sankapadziwa. Anaphunzitsa ana a pulayimale m'mudzi mwathu, kumapiri a Qingtian, kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Atapuma pa ntchito, ife tinkati tsopano azikhala pakhonde n'kumaweta mbalame ngati anzawo. Iwo anapita kukatsegula bokosi la buku la mtundu wathu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wa kwa Zhan amene anaonanso mtendere.

Bukulo ndi lakale kwambiri. M'zaka zija anthu ankatentha mabuku otere, agogo anga analiika mu mtsuko n'kulikwirira pansi pa khola la nkhumba, moti mpaka lero ukalitsegula nthawi ya mvula limakukumbutsa kumene linagona. Mwambo wake ndi wosavuta. Mwamuna aliyense wobadwa kwa Zhan amalembedwa pansi pa dzina la bambo wake ndi inki yofiira. Akamwalira, wosunga buku amadutsitsa inki yakuda pamwamba pa dzinalo. Pakapita zaka zambiri amalikopera mwatsopano ndi burashi, n'kulisindikiza kuti banja lililonse likhale ndi lake.

Kale ntchito imeneyi inali ya mwezi umodzi, poti a Zhan onse ankamwa chitsime chimodzi. Bambo anaiyamba mudzi utasamuka kale. Kwathu kuno mwana akangomera ndevu amafunsa njira ya ku Ulaya. M'mudzi munatsala okalamba, agalu, ndi nyumba zosanja kasanu zokhoma ndi maloko, eni ake ali ku Madrid, ku Milan, ku Budapest, akugulitsa zikwama ndi kukazinga mpunga. Bambo ankawaimbira foni mmodzimmodzi, naini koloko m'mawa akatha kumwa tiyi. Ndinawauza kambirimbiri kuti nthawi imeneyo kumeneko anthu amakhala ali m'tulo tofa nato.

"Munthu wabereka mwana wamwamuna osandiuza, ndiye ndizimuyang'aniranso wotchi?" ankatero, chala chili kale pa nambala ina. Kenako umawamva akukalipa. "Pablo? Limeneli ndi dzina kapena sopo? Mpatseni mwanayo dzina lolembeka, ndiimbanso mawa."

Ine ndine Yuelan, mwana wawo woyamba. Ndinapita ku France ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinasoka zikwama zachikopa m'chipinda chopanda zenera ku Paris mpaka zala zinapindika, ndinatsuka mbale za anthu, kenako ndinatsegula sitolo yanga. Alongo anga awiri, Jianbo ndi Jianrong, ndinawaitanitsa ndine, ndinawagoneka pansi m'nyumba mwanga, ndinawathamangira mapepala, akazi awo omwe ndinawapezera. Denga la nyumba ya makolo, imene mtundu wathu umakumbukiramo akale, litasasuka ndi chimphepo, amene anaimika latsopano ndine. Koma m'bukumo, pansi pa dzina la bambo, panali Jianbo, panali Jianrong, panali ana awo aamuna amene timitengo todyera sadziwa n'kugwira komwe. Za ine panali kamzere kakang'ono m'mbali: "Mwana wamkazi mmodzi, anakwatiwa kwa a Ye." Dzina panalibe. Kwa a Ye-ko ukwati unatha kalekale, ndipo m'buku lawo anamata kapepala pamene panali ine n'kulembapo mkazi wachiwiri. Ndiye mayi wa zaka makumi asanu, wa mwana wamkulu, ndinalibe buku lililonse limene linkadziwa kuti ndinabadwa. Zinkandiwawa, ndisaname.

Mayi atamwalira ndinamusiyira mwana wanga wamkazi Lanfen sitolo ya ku Paris n'kubwerera kudzasamala bambo, popeza alongo anga onse awiri anali otanganidwa kwambiri, monga amakhalira alongo. Ndinatsegula kasitolo ka vinyo ndi mafuta a olivi m'tauni, chifukwa anthu a kwathu akabwerera kuchokera ku Ulaya pakamwa pamatsalira komweko. Nkhani ya buku ndinaiyamba tsiku lina tikudya.

"Bambo, a kwa Lin analemba ana awo aakazi chaka chatha. A kwa Xia nawonso."

"A kwa Lin anayamba buku lawo dzana. Lathu lili ndi mibadwo makumi awiri ndi itatu."

"Ndiye mibadwo yonseyo inabadwa kwa ndani? Inkathothoka mu mtengo?"

"Mwana wamkazi akakwatiwa ndi madzi otayika, saoleka. Sindinanene ndine, ananena ndi akale."

"Madzi otayikawo ndi amene akuphikirani nsomba mukudyazi."

Anatafuna pang'onopang'ono, n'kulavulira munga m'mbale. "Mchere wachepa," anatero.

Umu ndi mmene zinkathera nthawi zonse. Mawu anga ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chimene chinkandipsetsa mtima koposa ndi chakuti m'buku lomwelo, mmene munalibe malo a ine wamoyo, munali munthu wa zaka zana limodzi ndi zisanu ndi chimodzi atakhala phee mu inki yofiira. Ameneyu anali a Mingkui, mng'ono wawo wa agogo anga. Anachoka m'mudzi mu 1931 ndi sutikesi yodzaza ziboliboli za miyala ya m'mapiri athu, timikango, tianyani, timaluwa, n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku France kukagulitsa khomo ndi khomo, monga ankachitira anyamata ambiri nthawi imeneyo. Anatumiza makalata awiri ndi chithunzi chimodzi atavala chipewa, kenako zii. Agogo pomwalira anagwira bambo dzanja n'kunena kuti, "Usadetse dzina la mng'ono wanga usanamve." Bambo anga sanawaonepo a Mingkui ndi kamodzi komwe, koma mawu amenewo anawasunga ngati anawauza dzulo, ndipo anati buku silipita kosindikiza nkhani ya munthuyo isanadziwike.

A Fukang, mkulu wa komiti ya mtundu, amene anakhala zaka makumi atatu akuphika ku Vienna, ankabwera kwathu mwezi uliwonse kudzadandaula.

"Aphunzitsi, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Mukudikira kuti munthuyo alowe pachipata ndi sutikesi yake?"

"Inu munamuona atafa?"

"Ndikanamuona kuti ine?"

"Munauzidwa ndi amene anamuona?"

"Ayi, koma nzeru zokha zikutiuza kuti..."

"Nzeru si mboni, a Fukang. Imwani tiyi."

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha chonchi. Wosindikiza amene anapangana naye poyamba anatseka malo ake n'kupita kwa mwana wake ku Italy. Okalamba asanu ndi awiri amene ankafunitsitsa kugwira buku latsopano analowa mu inki yakuda akudikira, ndipo bambo ankawadetsa mosamala kwambiri, ngati si iwo owachedwetsa.

Ndikali ku Paris, bambo anachulukitsa chithunzi chachipewa chija n'kutumiza kwa wa kwa Zhan aliyense wokhala ndi sitolo kunja, kuti achipachike poonekera. Jianbo chake ankaikapo kapu ya khofi. Ena anangotaya. Ine ndinachipachika pafupi ndi chitseko, osati chifukwa ndinali ndi chiyembekezo, koma chifukwa bambo ankafunsa pa foni iliyonse ndipo ine kunama kumandivuta. Chinasuluka ndi dzuwa, ndipo Lanfen atatenga sitolo anachisiya pomwepo chifukwa chinkabisa mng'alu wa pakhoma.

Tsiku lina Lanfen anaimba. Mayi wina wachizungu analowa kudzagula ambulera mvula itamupeza panjira, anaima pa chithunzicho, n'kuyamba kulira. Chithunzi chonga chomwecho anali atachipezapo m'kabati ya malemu mayi ake. Dzina lake anali Odile, namwino wopuma pa ntchito, mdzukulu wa a Mingkui. Nditawauza bambo, anakhala pansi, n'kupukuta magalasi kwa nthawi yaitali.

"Mwaona," anatero, "nzeru za a Fukang zija."

Kuti chithunzicho chinapachikidwa ndi ndani, sanafunse.

Odile anabwera nthawi yokolola, anthu akutsanula madzi m'minda ya mpunga n'kumagwira nsomba za m'menemo. Anabwera ndi ana ake awiri akuluakulu. Atangotsika galimoto, okalamba onse a m'mudzi anayamba kugwedezana. Tsitsi linali lachizungu, mphuno yachizungu, koma makutu anali a kwa Zhan enieni, otambalala ngati zogwirira za mphika, onse atatu. Mayi wina wa zaka makumi asanu ndi anayi anapita n'kukamukoka Odile khutu kuti atsimikize.

M'mawa mwake tinalowa m'nyumba ya makolo. Bambo anavala jekete lawo la pa maukwati. Odile anatulutsa m'chikwama kanyani kamwala kothyoka mchira, kotsala pa katundu wa m'sutikesi uja, ndi pepala losonyeza kuti a Mingkui anamwalira m'nyengo yozizira ya 1968, atagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya magalimoto. Ine ndinkamasulira, poti Chifalansa m'mudzi monse ndinkachidziwa ndine ndekha. Bambo anapera inki yakuda pa mwala, anaviika burashi, n'kudetsa dzina lija chilembo ndi chilembo, misozi ikutsikira m'makwinya. Nanenso ndinalira, munthu sindine mtengo.

Kenako anapukuta mphuno n'kubwerera pa ntchito. "Mfunse, ana aamuna anasiya angati?"

Panalibe. A Mingkui anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, Jeanne, mayi ake a Odile. Aliyense m'chipindamo ankadziwa chimene mwambo umanena zikatere. Pansi pa dzina amalembapo kuti munthuyo anafa wopanda mbewu, n'kutseka mzere. Bambo anaviikanso burashi. Odile anasendera pafupi akumwetulira, n'kundifunsa kuti akulemba chiyani.

"Bambo, akufunsa kuti mukulemba chiyani."

"Muuze kuti ndikulemba za agogo ake."

"Ayi. Inu lembani, ine ndimumasulira momwe mwalemberamo, liwu ndi liwu. Ndimuuza kuti agogo ake anafa opanda mbewu, ndipo iyeyu ndi ana akewa, ndi makutu awowa, kulibe."

"Yuelan, muno ndi m'nyumba ya makolo."

"Ndikudziwa. Denga lake ndinaika ndine."

A Fukang anayamba kutsokomola. Bambo anaima choncho burashi ili m'mwamba, mpaka inki inadontha pa tebulo. Anayang'ana Odile, anayang'ana ana ake, anayang'ana kanyani kaja. Kenako anaika burashi pansi, n'kunena kuti inki yalimba, ndipo anatuluka.

Masiku atatu sanandilankhule. Zofuna zawo ankauza mphaka ine ndili pomwepo, kuti mphaka iwe, m'nyumba muno tiyi anatha kodi. Tsiku lachinayi anaitanitsa akuluakulu a komiti, anatsekerana kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anatuluka ndi lamulo latsopano. Jeanne analembedwa ndi inki yakuda, Odile ndi ana ake ndi yofiira, mayina awo atawapezera zilembo zathu. Odile anapsompsona bambo masaya onse awiri, iwo atauma ngati mtengo wa magetsi. Ine mtima unali m'malo, ndinati tsopano chitseko chatseguka. Alendo atachoka ndinawaphikira nkhumba yonona imene dokotala anawaletsa.

"Ndiye tsamba lathu mulemba liti, bambo?"

"Lathu lili bwinobwino."

"Nanga ine?"

"Lamulo likuti mwana wamkazi alembedwe pamene palibe wamwamuna. Iwe uli ndi alongo awiri."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka, ankasankha nyama. Mayi amene dzina la mudzi wathu ankalitchula ngati akutsamwa, amene nsomba zathu ankazitokosa ndi foloko, anali m'buku ndi ana ake omwe. Ine ndinatsala panja chifukwa cha alongo awiri amene ndinawanyamula ndekha kupita nawo ku Ulaya. Ndinatuluka n'kukakalipira nkhuku kuseri, chifukwa ndikanatsegula pakamwa m'nyumba muja ndikanalankhula mawu osabwezeka.

Chaka chotsatira maso a bambo anachita ng'ala, ndipo dzanja linayamba kunjenjemera. Buku lonse anali atakopera, kupatula tsamba limodzi, la banja lathu, limene ankangolizengereza. Anaimbira Jianbo kuti abwere adzalembe. Jianbo anaimbira ine.

"Achemwali, ine burashi ndinaigwira komaliza ndili pulayimale. Zilembo ndimangosankha pa foni. Inu si mulipo konko? Tangowathandizani, kuno ntchito yandipanikiza."

Choncho m'mawa wina ndinakhala pa tebulo la pazenera, bambo ali pambali panga, manja ali pa ndodo. Kulemba ndi burashi anandiphunzitsa ndi iwo omwe, ndipo m'kalasi mwawo panalibe amene ankandiposa. Ankakonda kunena kuti dzanja lotere n'lomvetsa chisoni kuti linapita kwa mtsikana.

"Lemba Zhan Dehou. Yofiira, ndikali moyo."

Ndinalemba.

"Pansi pake siya malo. Zala zitatu."

"Malo a chiyani?"

"Ndati siya malo. Kenako Jianbo."

Ndinasiya malowo, ndinalemba Jianbo ndi ana ake, Jianrong ndi ana ake, Pablo uja ali ndi dzina lake lolembeka. Kenako bambo anakonza pakhosi.

"M'mbali, zilembo zazing'ono. Mwana wamkazi mmodzi, anakwatiwa kwa a Ye."

Ndinaimitsa burashi m'mwamba.

"Bambo, mukudziwa kuti nditha kulemba dzina langa pano inu osaona?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"N'chifukwa chake burashi ili ndi iwe. Iwe sunandinamizepo."

Pa moyo wanga wonse kumeneku ndiye kunali kundiyamikira kwawo kwakukulu, ndipo anakusankhira tsiku limenelo. Ndinkafuna kuwathira inkiyo pa mutu wa dazi. Ndinalemba kamzere kaja ndi dzanja langa lomwe, mowongoka bwino, chifukwa kulemba mokhota sanandiphunzitse.

Buku linapita kosindikiza ndi malo aja ali mbee. A Fukang anayesa kuti walakwitsa ndi wosindikiza, anatsala pang'ono kukachita naye ndewu. Koma amene ankawadziwa bambo ankadziwa kuti munthu amene ankalemba mbali zonse za envulopu yakale sangasiye pepala loyera mwangozi. Ndinawafunsa kangapo. Ankandiyankha kuti maluwa ndathirira kodi, kapena kuti mphaka akuoneka wowonda. Nthawi zina ndikabwera kusitolo ndinkawapeza atatsegula buku lolemba pamanja lija pa tsamba lathu, zala zitatu zili pa malowo, ngati akuyeza ngati sanafupike. Tsiku lina anandiitana.

"Yuelan."

"Ee bambo."

Ndinaima pakhomo ndi nsalu yopukutira mbale. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndinadikira mpaka madzi anawira n'kusefukira kukhitchini.

"Tiyi wazizira," anatero.

Anamwalira mu Malichi, nsungwi zikuphuka. Alongo anga anabwera ndi masuti akuda, mafoni ali m'manja, n'kunena kuti ali ndi masiku asanu okha. Titaika maliro, akuluakulu anakumbukira kuti pali dzina lofunika kudetsa. Anayang'anizana. Mwa amuna onse a kwa Zhan amene anadzaza m'nyumba ya makolo m'mawa umenewo, ochokera m'mayiko khumi ndi anayi, panalibe amene akanagwira burashi osaononga tsamba. A Fukang anandikankhira bokosi osandiyang'ana kumaso.

Ndinapera inki yakuda, n'kudetsa dzina la bambo chilembo ndi chilembo, mmene iwo anadetsera la a Mingkui. Jianbo anasuzumira paphewa panga.

"Achemwali, apa pakusoweka chiyani?"

"Bambo ako andisiyira ntchito, monga mwa masiku onse."

Ndinatsuka burashi n'kutsegula kambale ka inki yofiira. A Fukang anayamba kutsokomola kuja.

"Mayi, aphunzitsi sananene chilichonse pa zimenezi."

"Sananene. Anayeza."

M'kalembedwe kathu dzina langa, Zhan Yuelan, lili ndi zilembo zitatu, ndipo zinakwana pa malowo osatsala, patsogolo pa Jianbo, pamene pamakhala mwana woyamba. Ndinalemba ndili wokwiya kwambiri. Munthu anadikira zaka makumi anayi kuti amve za bambo ake aang'ono osawadziwa, anadzutsa theka la Ulaya pa foni, koma mawu ochepa okha kwa mwana amene ankamuphikira analephera kuwatulutsa. Chilembo chomaliza chinakhota pang'ono chifukwa sindinkaona bwino. Palibe amene anandigwira dzanja.

Nditatuluka panja ndinaimbira Lanfen. Inali naini koloko m'mawa.

"Amayi, kuno n'kusanache," anatero ndi mawu a tulo. "Kwachitika chiyani?"

"Ndikudziwa nthawi. Mvetsera. Uyambe kuphunzira kugwira burashi. Tsiku limene ndidzafe udzabwere kuno wekha, usadzatume munthu. Pali dzina lofunika kudetsa."